Chitsulo cha m'Magazi: Mbiri ya Nthenda Yakale ndi Mankhwala Amene Anachedwa Panjira

Munthu amene atsata msewu waukulu wochokera ku Lusaka kulinga ku Chipata, akawoloka mlatho wa Luangwa, napitirira pa Nyimba ndi kufika pa Petauke, ngati apatuka kuloza kumpoto, kumene dziko limayamba kutsetserekera kuchigwa, amalowa m'dera la Mfumu Nyampande, mmodzi mwa mafumu a Ansenga amene mkulu wawo ndi Kalindawalo. Ndi dziko la chimanga, mtedza ndi thonje, la midzi yotalikirana, ndi la mitsinje imene imaphwa m'chilimwe koma n'kusefukira mwaukali m'dzinja, kotero kuti mayi amene m'mwezi wa Okutobala akhoza kufika kuchipatala dzuwa lisanakwere, m'mwezi wa Febuluwale amaima kutsidya ndi kungoyang'ana madzi. M'dziko limeneli, monganso m'midzi ya Achewa kuyambira ku Katete kufikira ku Dedza ndi ku Angonia, muli nthenda yakalekale yosachita phokoso, imene anthu akaiona amangoti magazi atha. Ndipo mbiri ya m'mene anthu anavutikira kufunafuna mankhwala ake, kufikira anapeza njira yothira chitsulo mumtsempha wa munthu popanda kumuvulaza, ndiyo imene tifuna kuilongosola pano.

Makolo a anthu a kuno sanali alendo pa nkhani ya chitsulo. Akatswiri ofukula zakale, amene anasanthula mapale ndi zotsalira za ng'anjo m'chigawo chino, amanena kuti kuyambira cha m'zaka za m'ma 1000 munali kale anthu olima ndi osula, amene miphika yawo ifanana ndi imene amayi a Chinsenga ndi a Chichewa akuumbabe lero, ndipo kaumbidwe kameneko anakatcha dzina la mtsinje wa Luangwa. Pamene Mpwitikizi wina, António Gamitto, anadutsa m'dziko la Amaravi m'chaka cha 1831 pa ulendo wochokera ku Tete kunka kwa Kazembe, analemba za luso lawo losungunula nthale ndi kusula makasu, amene anali kugulitsidwa kutali mpaka kumadooko a Zambezi. Ntchito ya ng'anjo inali ya amuna okhaokha, yozingidwa ndi miyambo yolimba: osula anali kudika masiku onse a ntchitoyo, ndipo mkazi, makamaka amene ali kumwezi kapena amene ali ndi pakati, sanali kuloledwa kuyandikira pamene mvukuto inali kupuma. Taonani tsono chodabwitsa chake: munthu amene mwambo unamuika kutali ndi ng'anjo ndiye amene thupi lake linali kulira chitsulo koposa onse m'mudzimo, ngakhale panalibe ndi mmodzi yemwe, kaya wosula kaya sing'anga, amene akadalota kuti chotuluka m'mwala ndi moto chimayendanso m'mitsempha ya munthu.

Pakuti lero tidziwa kuti m'thupi la munthu wamkulu muli chitsulo cholemera magalamu atatu kapena anayi, chimene a chipatala amati ayironi, ndi kuti gawo lalikulu la chitsulocho lili m'chinthu chofiiritsa magazi chotchedwa himogulobini, chimene ntchito yake ndi kunyamula mpweya wabwino kuchokera m'mapapo kukaupereka ku ziwalo zonse. Thupi limachisamala kwambiri chuma chimenechi: patsiku limataya miligalamu imodzi kapena ziwiri zokha, ndipo m'matumbo limalandira zonga zomwezo, ndiko kunena gawo laling'ono, mwina limodzi mwa magawo khumi, la chitsulo chonse chimene chili m'chakudya. Kwa mwamuna wathanzi muyeso umenewu umakwanira moyo wake wonse. Koma mkazi amataya magazi mwezi ndi mwezi. Akaima, mimba imodzi imafuna chitsulo chokwana pafupifupi mamiligalamu 1,000, cha mwana, cha nsengwa, cha magazi owonjezereka a mayiyo, ndi cha magazi otayika pa tsiku la kuchira. Ndipo akataya opitirira muyeso, theka la lita lililonse limapita ndi mamiligalamu ena ngati 250. Thupi la mkazi wotere tingalifanizire ndi nkhokwe imene mwini wake amatapamo ndi dengu koma n'kumathiramo ndi chipande: mimba yoyamba ipeza chimanga, yachiwiri ipeza chapansi, ndipo yachisanu, imene yadza mwana wachinayi asanaleke kuyamwa, ipeza nkhokwe ili pululu.

Anamkungwi ndi azamba akale zizindikiro za nthendayi anali kuzidziwa bwino lomwe. Ntchembere imene kale inali kukonola mtondo wathunthu osapumira inayamba kuima kawirikawiri, manja ali pamunsi, ili wefuwefu. Pochokera kuchitsime inali kutula mtsuko panjira chifukwa cha chizungulire. Zikhatho ndi lilime zinali kuyera mbuu, mapazi ndi nkhope n'kutupa. Ndipo nthawi zambiri inali kugwidwa ndi chilakolako chosaletseka cha dothi, n'kumakumba pachulu kapena kunyenya chipupa cha nyumba, chimene madokotala a lero amachiwerengera pakati pa zizindikiro za kusowa chitsulo. Poona kutupako, akuluakulu anali kuganiza za mdulo, nafunsana kuti anathira mchere m'ndiwo ali wotentha ndani, kapena kuti mwamuna wa mayiyo anayenda kuti. Ankhoswe anali kuitanidwa, mizu inali kukumbidwa, ndipo m'zaka zapambuyo pake anthu anazolowera kumwetsa wodwala madzi a chidede kapena a masamba a mapeyala owiritsa, poganiza kuti chofiira chimabala chofiira. Tisawaseke makolo athu, pakuti maso awo anaona zoona, magazi anali atachepadi. Chimene chinabisika kwa iwo ndi magwero ake, amene anali ambiri ndi olukanalukana. Nkhwani, bonongwe, khwanya ndi mfutso zili nacho chitsulo, koma cha mtundu umene matumbo amaulandira movutikira. Cha m'nyama, m'chiwindi, m'nsomba ndi m'mbewa ndicho chimalowa msanga, koma ndiwo zoterezi zinali zapatalipatali, ndipo zikapezeka nthuli zabwino zinali kupita kumbale ya amuna, pamene wapakati anali kuletsedwa ngakhale dzira. Malungo a m'chigwa anali kuswa maselo ofiira a magazi. Tinjoka ta m'matumbo, timene timalowa poboola khungu la kumapazi kwa oyenda opanda nsapato, tinali kuyamwa magazi usana ndi usiku. Ndipo likodzo la m'madambo linali kutulutsa ena pokodza.

Kutsidya kwa nyanja nakonso nthendayi inali kusautsa anthu, makamaka anamwali a m'mizinda ya ku Ulaya. M'chaka cha 1681 sing'anga wa ku England, Thomas Sydenham, analemba kuti atsikana otuwa ndi olefuka amachira akamwa vinyo amene mwaviikidwa tizidutswa ta chitsulo, ngakhale iye mwini sanathe kufotokoza chifukwa chake. Cha m'ma 1740 Vincenzo Menghini wa ku Bologna anaumitsa magazi ndi kuwatentha, naona phulusa lake likukokedwa ndi maginito. Ndipo mu 1832 Mfalansa wina, Pierre Blaud, anapanga mapiritsi a chitsulo amene anatchuka ndi dzina lake, amene anatsegulira njira timapiritsi timene amayi amalandira kusikelo lero lino. Mankhwala a mtundu umenewu anafika m'chigawo chino pamodzi ndi amishoni. A mpingo wa Dutch Reformed anakhazikika ku Magwero mu 1899 ndi ku Nyanje mu 1905, Akatolika anamanga ku Minga, ndipo mu 1948 a mpingo wa Anglican anatsegula chipatala cha St Francis ku Katete, chimene chinakhala pothawira pa odwala ochokera kutali. Zaka zomwezo ng'anjo zinazima, pakuti makasu a m'sitolo anasefukira m'dziko, ndipo msonkho unatulutsa amuna m'midzi kunka ku migodi ya ku Southern Rhodesia, ya ku Copperbelt ndi ya ku Joni. Kumeneko kunaoneka mbali ina ya nkhaniyi: mu 1929 dokotala wina wa ku Johannesburg, A. S. Strachan, popima mitembo, anapeza kuti amuna ambiri akuda anali ndi chitsulo chochuluka mopitirira m'ziwindi zawo, ndipo ofufuza apambuyo pake anaona kuti chambiri chinali kuchokera mumowa wofululidwa m'migolo yachitsulo. Potero, m'banja limodzi, mwamuna akadatha kuwonongeka chiwindi chifukwa cha kuchuluka kwa chinthu chomwecho chimene mkazi wake kumudzi anali kufooka pochisowa. Ndipo madokotala anatolapo phunziro losaiwalika, lakuti thupi lilibe njira yotayira chitsulo chikachuluka, chifukwa chake sichiperekedwa mwachisawawa.

Mapiritsi ndi otsika mtengo, ndipo kufikira lero bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, limalangiza kuti mayi aliyense woyembekezera azimwa tsiku ndi tsiku mamiligalamu 30 mpaka 60 a chitsulo pamodzi ndi folic acid. Athandiza amayi osawerengeka, ndipo palibe wanzeru angawanyoze. Komabe aliyense amene anagwirapo ntchito kusikelo ya kumudzi adziwa kumene ambiri a mapiritsiwa amathera: amakhala omangidwa pamfundo ya chitenje, kapena otsomekedwa kutsindwi m'kapepala kawo komweko, kufikira mwana atatuluka m'chikuta. Amawonjezera nseru kwa munthu amene ali nayo kale, amamanga m'mimba, amadetsa chimbudzi mpaka mwini wake kuchita mantha, ndipo pali mawu oyendayenda, opanda umboni, akuti amakulitsa mwana kuti avute pobadwa. Ndiponso kuti abwezeretse zonse zimene zinatha amafuna miyezi itatu kapena kuposerapo. Pang'onopang'ono ndi mtolo, anatero akale, koma mwambi umenewu umathandiza amene ali ndi nthawi, osati mayi amene wafika kusikelo koyamba mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri. Pamwamba pa izi, m'zaka za 2000 ndi 2001 ofufuza anatulukira chinthu chopangidwa m'chiwindi, chotchedwa hepcidin, chimene chimachuluka munthu akakhala ndi malungo kapena matenda ena otenthetsa thupi, ndipo chikachuluka chimatseka njira imene chitsulo chimalowera kuchokera m'matumbo. Ndiye kuti m'dziko la udzudzu mayi akhoza kumwa mapiritsi ake mokhulupirika ndithu, chitsulocho n'kungodutsa osalowa.

Chifukwa cha zovuta zotere madokotala analakalaka kuyambira kale kuti alambalale matumbo ndi kupereka chitsulo ndi singano, koma njira imeneyo inali ya minga. Mu 1893 Ralph Stockman wa ku Scotland anabaya atsikana odwala nthendayi chitsulo chapansi pa khungu, ndipo magazi awo anakwera. Mu 1932, ku Boston, Heath, Strauss ndi Castle anaonetsa kuti pafupifupi chitsulo chonse chobayidwa chimasanduka himogulobini watsopano, umene unali umboni wotsimikiza kuti chosowacho n'chitsulodi; koma odwala awo anali kusanza, kutentha nkhope ndi kulefuka ngakhale atalandira pang'ono pokha. Mu 1946 Goetsch, Moore ndi Minnich anayesa kuthira chambiri mumtsempha, naona zoopsa zotere kuti anachenjeza anzawo kuti njirayi si yogwiritsa ntchito wamba. Chifukwa chake chinali ichi: magazi amatha kunyamula mamiligalamu owerengeka okha a chitsulo choyenda pachokha pa nthawi imodzi, ndipo chopitirira pamenepo chimasanduka ululu. Nzeru inadza mu 1947, pamene J. A. Nissim ku England anaonetsa kuti chitsulo chikakutidwa ndi shuga chikhoza kulowa mumtsempha mwamtendere, pakuti thupi limachitola chili chokutidwa, nilichimasula pang'onopang'ono. Ndipo mu 1954 Baird ndi Podmore anabweretsa chitsulo chokutidwa ndi dextran, chimene chinagulitsidwa ndi dzina lakuti Imferon.

Jekeseni wa Imferon anali wa pathako, wopweteka, wobayidwa kambirimbiri, ndi wosiya banga lakuda pakhungu limene silinali kutha msanga. Koma mu 1963 dokotala S. K. Basu analemba za njira yosungunula muyeso wonse umene mayi wapakati akusowa m'botolo limodzi la diripi, kuti udonthe kwa maola angapo ndi kutha tsiku lomwelo. Ndipo njira imeneyi inafala m'zipatala za ku India ndi za mu Africa m'zaka za 1960 ndi 1970, chifukwa inali kuyankha funso lenileni la kumudzi, la mayi amene wayenda mtunda wautali ndipo sadzaonekanso kawiri. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwa odwala ena ochepa thupi linali kukana dextran mwadzidzidzi, diripi itangoyamba: mpweya unali kubanika, kuthamanga kwa magazi n'kutsika, ndipo ena anamwalira pabedi pomwepo anamwino akuona. Kuchiyambi kwa zaka za 1990 Imferon anachotsedwa pamsika, ndipo mbadwo wathunthu wa madokotala ndi anamwino unaphunzitsidwa kuopa chitsulo cha mumtsempha.

Chimene chinatsala kwa mayi amene magazi ake atsika zedi chinali kumuthira magazi a munthu wina, ndipo apanso panali mapiri ake. M'zipatala za kumidzi magazi anali osowa, ndipo achibale ndiwo anali kupemphedwa kuti apereke, ena n'kumazemba pokumbukira mphekesera za banyama, zimene zinazunguza Northern Rhodesia m'zaka za 1930, ndi zimene zinabukanso ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017 ndi dzina la anamapopa. Edzi itadziwika m'Zambia mu 1984 ndi m'Malawi mu 1985, botolo la magazi, limene kale linali chizindikiro cha chipulumutso, linayamba kuopedwa kufikira kuyeza magazi operekedwa kunakhazikika. Ndiponso a Mboni za Yehova, amene ndi ambiri m'chigawo cha kum'mawa, salandira magazi chifukwa cha chikhulupiriro chawo, ngakhale chitsulo cha mumtsempha, popeza si magazi, amachilandira.

Nthawi yomweyo ofufuza anayamba kuona kuti kuchepa kwa magazi kwa kuno sikuli ndi mutu umodzi. Mu 1989 Alan Fleming, amene anagwira ntchito ku Ndola, anafalitsa zimene anapeza mwa amayi apakati 37 amene magazi awo anali otsikitsitsa: 31 anali ndi malungo, 23 anali kusowa folic acid, ndipo 13 okha ndiwo anali kusowa chitsulo, ambiri ali ndi zifukwa ziwiri kapena zitatu pamodzi. Mu 2006 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa pachilumba cha Pemba ku Zanzibar, wa ana oposa 24,000, zimene zinaonetsa kuti ana opatsidwa chitsulo ndi folic acid mosasankha, m'dera la malungo ambiri, anagonekedwa m'chipatala kapena kumwalira mochulukirapo kuposa anzawo. Ndipo mu 2008 kafukufuku wa ana a ku Blantyre ndi ku Chikwawa anapeza kuti mwa ana ochepa magazi kwambiri zifukwa zazikulu zinali malungo, tinjoka ta m'matumbo, matenda a m'magazi, HIV ndi kusowa kwa mavitamini A ndi B12, koposa kusowa chitsulo. Ngakhale mapoto achitsulo anayesedwa m'midzi ya kummwera kwa Malawi, kuti chitsulo chizisungunukira m'ndiwo pophika, koma mabanja ambiri anawaleka chifukwa cha kulemera ndi dzimbiri. Funso linatsala lolemera pamitima ya madokotala linali lakuti: kodi kuthira chitsulo chambiri nthawi imodzi mumtsempha wa mayi wa m'dziko la malungo sikudzakhala kudyetsa malungowo?

Nthawi yonseyi opanga mankhwala sanagone. Anapeza zokutira zatsopano, zogwira chitsulo molimba ndi zosasautsa thupi monga dextran wakale. Ndipo mu 2007 maiko a ku Ulaya anavomereza mankhwala otchedwa ferric carboxymaltose, amene amalola kuti mamiligalamu 1,000 alowe m'mphindi 15 zokha. Kaperekedwe kake n'kosavuta kukaona. Namwino amayamba wakoka chikope cham'munsi cha mayi ndi kuyang'ana zikhatho, nabaya chala kuti ayeze himogulobini, amene kwa wapakati sayenera kutsika pansi pa magalamu 11 pa desilita, ndipo akafika pansi pa 7 ndiye kuti zafika poopsa. Amayezanso malungo, namukweza pasikelo, chifukwa muyeso wa mankhwala umatsata kulemera kwa munthu. Kenaka amakoka mankhwala akuda bii m'kabotolo ndi kuwathira m'thumba la madzi amchere, amene amasanduka ofiirira modera, nalowetsa singano mumtsempha wa padzanja mosamala, pakuti akatayikira pambali amasiya banga losatha msanga. Mayi amakhala pampando kapena kugona chammbali madontho akutsika, namwino ali pafupi ndi jekeseni wa adrenaline wokonzeratu. Thumba likatha amamusunga kwa theka la ola kuti aone ngati thupi lalandira bwino, ndipo zikatero amanyamula chitenje chake ulendo wa kwawo, atalandira tsiku limodzi chimene mapiritsi akadamupatsa m'miyezi ingapo. Mankhwalawa saperekedwa m'miyezi itatu yoyamba ya mimba, ndipo mwa ena amatsitsa kwa kanthawi mchere wa phosphate m'magazi.

Kandimverere anakanena za m'maluwa. Chifukwa chake kunali koyenera kuti mankhwala oyesedwa ku Ulaya ayesedwenso pakati pa anthu athu, ndipo ntchitoyo inachitikira ku Malawi. Kuyambira mu Novembala 2018 kufikira mu Malichi 2021, gulu lotsogozedwa ndi Pulofesa Kamija Phiri, wa sukulu ya zaudokotala imene lero ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, pamodzi ndi Pulofesa Sant-Rayn Pasricha wa ku Walter and Eliza Hall Institute ku Melbourne, linayeza amayi apakati 21,258 ku Zomba ndi ku Blantyre, nilisankha 862 a mimba za masabata 13 mpaka 26, amene himogulobini wawo anali pansi pa magalamu 10 ndipo analibe malungo ooneka poyeza. Mwamaere, theka analandira diripi imodzi ya ferric carboxymaltose, ndipo theka lina analandira mapiritsi a mamiligalamu 60, kawiri patsiku, kwa masiku 90. Zotsatira za kafukufukuyu, wotchedwa REVAMP, zinatuluka mu 2023 m'magazini ya The Lancet, ndipo zinali zosangalatsa ndi zodzichepetsa pamodzi. Diripi inaoneka kuti ndi yosaopsa, ndipo malungo sanachuluke mwa oilandira, kotero kuti mantha a zaka zambiri anachepa; kusowa chitsulo kunatsika kwambiri, ndipo phindu lake linaonekabe amayiwo atachira. Koma pa sabata ya 36 ya mimba, amayi 52 mwa 100 alionse a diripi anali akadali ochepa magazi, poyerekeza ndi 57 a mapiritsi, kusiyana kochepa kosati n'kudalira. Ndipo kulemera kwa ana pobadwa sikunasiyane. Chimene Fleming anaona ku Ndola chinatsimikizikanso: mwa amayi ochuluka ndithu chosowa sichinali chitsulo chokha.

Ofufuzawo sanaleke pomwepo, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anayambanso kafukufuku wachiwiri m'zipatala zazing'ono za m'boma la Zomba, wa amayi 590 amene mimba zawo zinali za masabata 27 mpaka 35, ndiwo aja ofika mochedwa amene mapiritsi sangawapeze nthawi. Ndipo zotsatira zake, zimene zinatuluka kuchiyambi kwa 2025 mu Nature Medicine, zinaonetsa kuti pofika sabata ya 36 ya mimba kapena nthawi yochira amayi 47 mwa 100 alionse a diripi anali ochepa magazi, poyerekeza ndi 63 a mapiritsi. Ku Tanzania nakonso, ku Bagamoyo ndi ku Dar es Salaam, kafukufuku wa amayi 230 ongochira kumene, wofalitsidwa mu 2021, anapeza kuti patapita masabata asanu ndi limodzi magazi anali atabwerera mwakale mwa 80 pa 100 alionse a diripi, ndi mwa 51 okha a mapiritsi. Mwa izi tiphunzira kuti diripi imaposa mapiritsi makamaka pamene nthawi yafupika ndi pamene magazi atayika, ndiponso kuti anamwino a zipatala zazing'ono, akaphunzitsidwa ndi kupatsidwa zipangizo, akhoza kuipereka bwinobwino.

Nanga kwa anthu a kwa Nyampande, a kwa Sandwe, a kwa Ndake ndi a kwa Luembe, mbiri yonseyi itanthauza chiyani? Kalembera wa zaumoyo wa m'Zambia wa 2018 anapeza kuti amayi 31 mwa 100 alionse a msinkhu wobereka anali ochepa magazi, mwa apakati 41, ndipo mwa ana osakwana zaka zisanu 58; ndipo mayi amene afika pa tsiku lake ali ndi magazi ochepa akhoza kutayika ndi kukha magazi kumene mnzake wathanzi akadapirira. Kwa wokhala pafupi ndi chipatala cha boma ku Petauke kapena ku Nyimba, kubwerera mwezi ndi mwezi kukatenga mapiritsi ndi nkhani yaing'ono. Koma kwa wa kumudzi wakutali, amene ulendo uliwonse umamudyera tsiku la kumunda ndi ndalama ya njinga, mankhwala othera pa ulendo umodzi ndiwo amene awerengera kutalika kwa njira yake. Chotchinga chachikulu lero si mantha ayi, koma mtengo, pakuti kabotolo kamodzi kamaposa kutali mtengo wa mapiritsi a mimba yonse, ndipo ndicho chifukwa chake mankhwalawa sanafale m'zipatala za kumidzi ya maiko athu.

Ndipo ngakhale tsiku limene mtengo udzatsika, tisadzayese kuti diripi yathetsa mlandu wonse. Imabweza chitsulo chimene chinatha, koma siipha udzudzu, siichotsa tinjoka ta m'matumbo, siitalikitsa nthawi pakati pa mwana ndi mnzake, ndipo siiika nyama m'mbale ya mayi. Mutu umodzi susenza denga. A boma ali ndi gawo lawo, la kugula mankhwala mwanzeru, kuika makina oyezera magazi m'chipatala chilichonse ndi kuphunzitsa anamwino. Mafumu, anyakwawa ndi magulu a uchembere wabwino ali ndi lawo, la kutsutsa mphekesera ndi kutuma amayi kusikelo mimba ikadali yaing'ono, kuti alandire neti, Fansidar, mankhwala a njoka ndi mapiritsi nthawi ikadalipo. Ndipo mwamuna ndi eni mbumba ali ndi lawo, la kuona kuti wapakati adya nsomba, nyemba ndi nyama, kuti atsiriza ndi malambe kapena masau, amene amathandiza chitsulo kulowa, m'malo mwa tiyi amene amachitchinga, ndi kuti nkhuku ikaphedwa iye ndiye ayambe kupatsidwa. Asing'anga a maiko ambiri anatha zaka zoposa mazana atatu, kuchokera kwa Sydenham kufikira ku Zomba, kuti apeze njira yabwino yoperekera chitsulo; gawo lawo alikwaniritsa, ndipo mayi wa kumudzi akafookabe ndi nthenda imene gwero lake ndi mankhwala ake zadziwika, ofunsidwa mlandu tidzakhala ife amoyo lero.